Mdzukulu Atavala Jekete la Mfumu

Malume anga anali nyakwawa ya kamudzi kena kumadzulo kwa boma la Mwanza, kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo anali ndi jekete limodzi lomwe mudzi wonse unkalidziwa. Linali lakuda, la mabatani atatu, ndipo anabwera nalo kuchokera ku Joni komwe anakagwirako ntchito m'migodi ali mnyamata. Akalivala, aliyense ankadziwa kuti lero kubwalo kuli mlandu. Ankaweruza atakhala pa mpando wa ndalema patsinde pa mtengo wa mango, ndipo asanagamule ankatsokomola kawiri, n'kuyang'anitsitsa nkhuku ya chindapusa ngati akuiyeza ndi maso.

Anamwalira m'nyengo yozizira ya 1981, manachesi atapsa m'mitengo, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tsiku loika maliro, adzukulu atabwerako kumanda kudzanena kuti ntchito yatha, mmodzi wa iwo analowa m'nyumba ya siwa n'kutulukamo atavala jekete lija. Miyendo yake inali mbuu ndi dothi la kumanda, nsapato analibe, koma mabatani onse atatu anali atamanga. Anakoka mpando wa ndalema, anakhalapo, anatsokomola kawiri. Amayi amene ankalira pakhonde anayamba kuseka misozi ili m'masaya, chifukwa anali malume enieni: kakhalidwe kake, kapendeketsedwe ka mutu, ngakhale kagwiridwe ka bondo.

Kenako analoza mayi wina wamasiye amene anakhala kumapeto kwa mphasa.

"Mayi inu, bwerani kuno. Dimba lija ndinakulandani n'kupatsa mphwanga, chifukwa nkhuku yanu inali yowonda, nanga lero ndikupita kumanda, ndilinyamule pamutu?"

Kuseka kunatha, pabwalo panangoti zii. Nkhani ya dimba limenelo ankaidziwa aliyense, koma kwa zaka zitatu panalibe anaitchulapo poyera. Mphwawo wa malume, yemwe ankayembekezeka kulowa ufumu, anaweramitsa mutu n'kumalemba pansi ndi kamtengo. Palibe anadzudzula mdzukuluyo. Anadzuka, anazungulira bwalo akutsimphina monga ankachitira malume, anthu n'kuyambanso kuseka, ndipo mwambo wa maliro unapitirira. Mvula isanagwe, mayi uja anali akulima m'dimba lake.

Usiku wa tsiku limenelo ndinafunsa amayi anga chifukwa chake munthuyo sanamangidwe. "Adzukulu sazengedwa mlandu, mwanawe," anatero. "Ndiwo amatinyamula tikanunkha."

Patapita zaka zambiri ndinaona m'buku lina chithunzi chimene chinandikumbutsa tsiku limenelo. Anachijambula ndi Jan Matejko wa ku Poland m'chaka cha 1862, ndipo chili m'nyumba yosungiramo zakale ku Warsaw. Mwamuna wovala zofiira kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chipewa chake chili ndi timabelu, wakhala yekha pa mpando m'chipinda cha mdima, manja atapinda, nkhope itagwa. Kuseri kwake, kupyola pakhomo, akuluakulu a kunyumba ya mfumu akuvina. Patebulo pali kalata. Munthuyo ndi Stańczyk, wanthabwala amene anatumikira mafumu atatu a ku Poland, ndipo kalatayo anthu amaitanthauzira kuti ndi uthenga wa kugwa kwa mzinda wa Smolensk m'manja mwa asilikali a ku Moscow mu 1514. M'nyumba yonse ya mfumu, amene wamvetsa kukula kwa tsokalo ndi uyo amene ntchito yake n'kuseketsa anthu.

Chichewa chilibe dzina limodzi la ntchito imeneyi, chifukwa mafumu athu sankalemba munthu ganyu yotere. Tingoti chitsiru cha mfumu, pakuti m'zilankhulo zambiri za ku Ulaya ankawatchuladi zitsiru, ndipo dzinalo linali ngati udindo. Pakati pa zaka za m'ma 1500 ndi 1700, pafupifupi nyumba iliyonse ya mfumu ku England, France, Spain, Poland ndi m'maufumu a ku Germany inali ndi munthu wotere. Mabishopu ndi eni chuma nawonso ankasunga awo. Ankadya kwa mfumu, kuvekedwa ndi mfumu, kulowa m'zipinda zomwe nduna zina zinkadikira pakhomo. Ntchito yake inali kuimba, kuvina, kuyerekeza kayendedwe ka anthu, kunena zining'a, ndi kuchotsa mfumu msunamo.

Anthu a nthawiyo ankasiyanitsa mitundu iwiri. Robert Armin, katswiri wa zisudzo amene ankasewera m'gulu la William Shakespeare, anatulutsa kabuku mu 1600 kofotokoza za anthu oterewa, ndipo iyenso ankalekanitsa zitsiru zobadwa nazo ndi zitsiru zochita kuphunzira. Zochita kuphunzira zinali anthu ochenjera kwambiri, akuthwa lilime, amene anasankha uchitsiru ngati ntchito. Zobadwa nazo zinali anthu amene lero tingati ali ndi ulumali wa m'maganizo. Anthu ankakhulupirira kuti munthu wotere sadziwa kunyengerera, choncho chimene wanena chimachokera pamtima poyera, mwinanso kwa Mulungu.

Wodziwika kwambiri ku England ndi Will Somers, wa mfumu Henry VIII. Mfumuyi inali yoopsa: inadulitsa mitu akazi ake awiri, Anne Boleyn ndi Catherine Howard, ndi nduna zake zapamtima, Thomas More ndi Thomas Cromwell. Koma Somers anakhala nayo mpaka imfa yake mu 1547, anatumikiranso ana ake, ndipo anamwalira ndi mutu wake mu 1560. M'buku la Masalimo la Henry, lomwe lili ku British Library ku London, muli chithunzi cha mfumuyo ikuimba zeze ngati Davide, Somers ataima pambali atavala chovala chobiriwira, wopanda timabelu. Pa chithunzi china chachikulu cha banja lachifumu, chimene chili ku Hampton Court, Somers waima pakhomo la kudzanja lamanja nyani ali paphewa, ndipo pakhomo la kumanzere pali mayi amene ambiri amati ndi Jane, chitsiru chachikazi chimene chinatumikira Mary, mwana wa mfumuyo. Mabuku a ndalama za kunyumba ya mfumu amaonetsa kuti Jane ankamugulira nsalu zamtengo wapatali ndi nsapato, ndipo ankalipira wometa kuti azimumeta mpala. Amaonetsanso kuti panali munthu wolipidwa kuti azisamalira Somers, n'chifukwa chake akatswiri ena a mbiri amaganiza kuti iyenso anali wa mtundu wobadwa nawo uja.

Nanga mfumu yokhala ndi alangizi ophunzira, abusa ndi akazembe inkafuniranji chitsiru? Yankho lake tili nalo m'mwambi wathu: wamisala anaona nkhondo. Munthu akakula mphamvu, omuzungulira amayamba kumuuza zokhazo zimene makutu ake akufuna. Nduna ili ndi malo, ili ndi ana ofuna maudindo, ili ndi adani amene akudikira kuti ipunthwe, ndiye imayeza mawu aliwonse isanalankhule. Chitsiru chinalibe malo oti chilandidwe kapena mpando woti chiulimbirane. Chikanena zoona, mfumu inkatha kumva uthengawo popanda kuchita manyazi pamaso pa anthu, chifukwa inkangoseka n'kunena kuti zanenedwa ndi chitsiru.

Olemba mbiri akale amasimba kuti zombo za France zitagonjetsedwa ndi Angerezi pa nkhondo ya pa Sluys mu 1340, panalibe nduna inalimba mtima kukauza mfumu Philip VI. Anatuma wanthabwala wake, amene analowa akunyoza Angerezi kuti ndi amantha, poti sanalimbe mtima kudumphira m'nyanja monga anachitira asilikali a France. Mfumu inamva zimene zachitika. Shakespeare naye anaidziwa bwino ntchito imeneyi. M'sewero lake la King Lear, mfumu yokalamba ikagawa dziko kwa ana ake aakazi awiri oinyengerera n'kuthamangitsa wachitatu woikondadi, nduna imene yayesa kuiletsa ikupirikitsidwa, ndipo amene watsala woikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti yachita zopusa ndi chitsiru chake.

Ena mwa anthuwa anali olimba mtima m'njira zinanso. Chicot, wa mafumu Henry III ndi Henry IV a ku France, anali msilikali woyenda ndi lupanga, ndipo anafa ndi mabala a kunkhondo. Mathurine, mayi wanthabwala wa m'nyumba yomweyo, analipo mu December 1594 pamene mnyamata wina, Jean Châtel, anabaya Henry IV pamlomo ndi mpeni. Nkhani imati mfumu poyamba inkayesa kuti wayimenya ndi Mathurine mwa masewera ake, koma iye anathamangira kukatseka chitseko kuti wachiwembuyo asathawe. Ku India nakonso ana mpaka lero amakula ndi nthano za Tenali Rama, wa kunyumba ya mfumu Krishnadevaraya, ndi za Birbal, mlangizi wanthabwala wa mfumu Akbar.

Koma mbiri imeneyi ili ndi mbali ina imene imandiwawa mtima, ndipo sindifuna kuidumpha. Ambiri mwa anthuwa ankasungidwa ngati ziweto. Kadinala Thomas Wolsey atagwa pa udindo mu 1529, anatumiza chitsiru chake, Patch, kwa Henry VIII ngati mphatso yopepesera. Mtumiki wa Wolsey amene analemba mbiri ya bwana wake akuti Patch anakana kupita, analira ndi kulimbana mpaka panafunika amuna asanu ndi mmodzi amphamvu kuti amunyamule. Jeffrey Hudson, mwana wamfupi kwambiri msinkhu, ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri anamuika m'kati mwa chitumbuwa chachikulu n'kumutulutsa patebulo pamaso pa mfumukazi Henrietta Maria ngati mphatso. Atakula anatopa n'kusekedwa, ndipo mu 1644 ku France anawombera n'kupha mwamuna wina amene ankamunyogodola. Ku Russia, mfumukazi Anna inasandutsa kalonga Mikhail Golitsyn kukhala chitsiru chake pomulanga, ndipo mu 1740 inamukwatitsa mokakamiza n'kumugoneka ndi mkwatibwiyo m'nyumba yomangidwa ndi madzi oundana ku St Petersburg, m'nyengo yozizira koopsa. Ndikawerenga zimenezi ndimakumbukira mwamuna wina wodwala misala amene ankagona pafupi ndi msika wa pa boma la Mwanza tili ana, ndi momwe anthu ankamuvinitsira kuti amupatse chimanga chootcha. Mwa onse amene anajambula anthu a m'nyumba za mafumu, amene ndimamulemekeza ndi Diego Velázquez wa ku Spain. Anajambula anthu aafupi msinkhu ndi anthabwala a mfumu Philip IV, monga Sebastián de Morra, akuyang'ana wowaonayo m'maso, ndi nkhope za anthu oganiza, osati zoseweretsa.

Ngakhale ufulu wolankhula uja unali wobwereka. Mu 1535 kazembe Eustace Chapuys analemba kuti Henry VIII anatsala pang'ono kupha chitsiru chake ndi manja ake chitanyoza Anne Boleyn ndi mwana wake Elizabeth, mpaka munthu wina wa m'nyumbamo anachita kuchibisa. Koma nkhani imene imaonetsa bwino malire a ufuluwo ndi ya Archibald Armstrong, amene onse ankamutcha Archie.

Archie anali wa kumalire a Scotland ndi England, ndipo mbiri inkamveka kuti poyamba anali wakuba nkhosa. Anatumikira mfumu James, kenako mwana wake Charles I. Anali wolusa pakamwa moti nduna zinkamuopa. Mu 1623 anatsagana ndi Charles ku Madrid pamene ankakafunsira mbeta mwana wa mfumu ya Spain, ndipo pambuyo pake analandira malo aakulu ku Ireland. Mdani wake wamkulu anali William Laud, bishopu wamkulu wa ku Canterbury, amene pamodzi ndi mfumu ankakakamiza anthu a ku Scotland kugwiritsa ntchito buku latsopano la mapemphero. Bukulo litawerengedwa koyamba m'tchalitchi cha St Giles ku Edinburgh mu July 1637 kunabuka chipolowe, ndipo mkwiyo unafalikira dziko lonselo. Mu March 1638, uthenga woipa wochokera ku Scotland utafika ku London, Archie anakumana ndi Laud akupita ku msonkhano wa nduna, n'kumufunsa kuti tsopano chitsiru ndani pakati pa awiriwo. Laud anakadandaula. Bwalo la nduna, mfumu ili pomwepo, linalamula kuti Archie avulidwe chovala chake cha ntchito mochikokera kumutu ndipo achotsedwe kunyumba ya mfumu.

Archie ananena zoona. Buku la mapemphero lija linayatsa nkhondo ya ku Scotland, imene inatsegula njira ya nkhondo yapachiweniweni ku England. Laud anadulidwa mutu mu January 1645, mfumu Charles mu January 1649. Archie anabwerera kwawo ku Arthuret ndi chuma chake, ndipo anafa ali nkhalamba mu 1672. Pambuyo pa nkhondoyo mwambo wosunga zitsiru kunyumba ya mfumu ya England sunadzukenso monga kale, ndipo m'mayiko ena unazilala pang'onopang'ono. Ntchito yoseka olamulira inasamukira m'nyumba za zisudzo, m'nyuzipepala ndi m'zithunzi zoseketsa.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhani ya Archie ndi chovala chija. Chinali cha mfumu. Mfumu ndiyo inamuveka, ndipo tsiku limene lilime lake linapyola pamene mfumu inkafuna, mfumu yomweyo inamuvula. Tsono yerekezani ndi mdzukulu wa pa maliro a malume. Jekete lija sanachite kupatsidwa, anangolitenga, ndipo panalibe mfumu, nyakwawa kapena mwini mbumba amene akanamuvula. Chilolezo chake sichinachokere kwa wolamulira aliyense koma ku mwambo. Mfumu yatsopano ikanayerekeza kumulanga, mawa lake ikanasowa woikumbira manda a mwana wake. Kutsidya kwa malire, ku Tete, ndi kumunsi kwa Shire, munthu wotere amamutcha sabwira, ndipo ufulu wake ndi womwewo: amatukwana malemu, amalanda katundu wa pamaliro kuti awomboledwe, amaulula zimene abale akubisa.

Makolo athu sanaike ufulu umenewu mwa munthu mmodzi. Anaumwaza m'mudzi monse. Msuweni wako ali ndi ufulu wokunyoza pagulu, kukutcha mkazi wake kapena mwamuna wake, kukuuza kuti ndiwe waulesi, ndipo ukakwiya anthu amaseka iweyo. Agogo ndi adzukulu awo amatero. Mitundu yathunthu imatero: ku Zambia, Angoni ndi Abemba amene makolo awo ankamenyana nkhondo m'zaka za m'ma 1800 lero ali pa chimbuya, amathirana ufa kumutu pa maliro, amanyozana mpaka mafumu awo, popanda mlandu. Amayi anali ndi bwalo lawolawo pamtondo. Ndimakumbukira azakhali anga akusinja chimanga awiriawiri m'mamawa, misi ikugunda mosinthana, nyimbo ikutchula mwamuna woledzera, mpongozi wovuta, ngakhale nyakwawa yokondera. Dzina silinkatchulidwa, koma mudzi wonse unkadziwa mwini nkhani, ndipo iye ankangodutsa ngati sakumva. Zigayo zitachuluka mitondo inachepa, ndipo bwalo limenelo linatsekeka popanda woliletsa.

Leroy Vail ndi Landeg White, amene anafufuza nyimbo ndi ndakatulo za kum'mwera kwa Africa, anatulutsa buku mu 1991 lotchedwa Power and the Praise Poem. Mfundo yawo yaikulu ndi yomwe amayi anga ankaidziwa osawerenga buku: m'mayiko athu ano chimene chimatetezedwa si woimbayo koma nyimboyo. Mawu amene ukawanena pakamwa chabe ungalipire nawo mbuzi, ukawaika m'nyimbo pa nthawi yake wamkulu amayenera kuwamva. Anapereka chitsanzo cha nyimbo ya Paiva, imene antchito a m'minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates ku Mozambique anaimba kwa zaka zambiri podzudzula nkhanza za kampaniyo, akapitawo akumva.

Ndiye pali gule wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Aliyense amene anaimapo m'mphepete mwa bwalo amadziwa kuti zilombo sizingovina. Zimaphunzitsa poonetsa khalidwe loipa kuti anthu aliseke. Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya anatulukira m'nthawi ya amishoni ndi atsamunda, pamene Mchewa sakanatha kuseka mzungu pamaso pake. Ku Mua, m'boma la Dedza, komwe bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, kuli nkhope za gule zoposa 400, ndipo zambiri mwa izo zimanena za mafumu adyera, olimbirana ufumu, ndi andale. Mfumu imakhala pampando wake pabwalopo, chilombo chikuvina kutsogolo kwake, ndipo siingachiimbe mlandu, chifukwa chilombo si munthu wa m'mudzi mwake. Akuluakulu ankati mfumu ndi dzala: zinyalala zonse za m'mudzi zimatayidwa pa iyo, ndipo imayenera kuzilandira.

Ife a ku Mwanza tili ndi chifukwa chapadera choganizira zimenezi. Patangopita zaka ziwiri chichitikireni maliro a malume, dzina la boma lathu linamveka dziko lonse pa nkhani imene sitinaisankhe.

Nthawi imeneyo dziko linali ndi mfumu imodzi pamwamba pa mafumu onse, pulezidenti Kamuzu Banda, ndipo kunyumba kwake kunalibe chitsiru. Lamulo la 1967 loteteza mbendera, zizindikiro ndi mayina linkaletsa kunyoza pulezidenti. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi zisudzo anthu asanazione. Nyimbo za amayi, zomwe kale zinkadzudzula, zinasanduka zotamanda pa misonkhano ya chipani. Munthu ankatha kumangidwa chifukwa cha nthabwala ya pa mowa, ndipo tinkakula tikudziwa kuti pali mayina amene sutchula ukuseka, ngakhale uli ndi msuweni wako.

Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje yemwe analinso mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga, anagwidwa ndi apolisi atachoka ku nyumba ya malamulo ku Zomba. Anawabweretsa usiku pa msewu wa ku Thambani kuno ku Mwanza, anawapha, n'kuika mitembo yawo m'galimoto ya Peugeot 604 kuti zioneke ngati ngozi. Wailesi inalengeza kuti anafa pa ngozi akuthawira kunja kwa dziko. Anthu amenewa sanali anthabwala. Anali akuluakulu a boma amene analankhula m'nyumba ya malamulo, malo enieni olankhulira, za kayendetsedwe ka dziko ndi ka chuma chake. Koma m'dziko limene ngakhale nthabwala ilibe pobisala, mawu osapsatira a nduna akanabisala pati?

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Chimene ndimakumbukira ndi kachetechete. Anthu a kumbali ya Thambani ankadziwa kuti panalibe ngozi, ndipo mawu ankayenda monong'ona kuchokera kumunda kupita kuchitsime, koma ana tikayandikira nkhani inkasintha kukhala ya mvula. Amayi anga, omwe aja anandiuza kuti adzukulu sazengedwa mlandu, anandigwira dzanja mwamphamvu tsiku lina nditafunsa za galimotoyo, n'kundiuza kuti, "Iwe, pakamwa pako padzatiphetsa." Mabanja a anthu anayiwo anaika abale awo mwamantha, popanda ulemu umene nduna zimalandira. Ndimadzifunsa kawirikawiri ngati pa maliro amenewo panali mdzukulu amene akanayerekeza kuvala jekete la malemu n'kufunsa funso.

Choona chinadikira zaka khumi ndi chimodzi. Mu 1994 boma latsopano linakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Harry Mtegha, ndipo linapeza kuti anayiwo anachita kuphedwa ndi apolisi. Dr Hastings Kamuzu Banda ndi John Tembo anazengedwa mlandu, ndipo khoti linawapeza osalakwa mu December 1995. Lero pa malopo pali chipilala cha chikumbutso.

M'zaka za mdimazo ntchito ya mdzukulu sinafe, inangosintha maonekedwe ngati bilimankhwe. Jack Mapanje anatulutsa buku la ndakatulo la Of Chameleons and Gods mu 1981, lodzaza ndi zining'a zomwe Amalawi ankazimva bwino lomwe. Anamangidwa mu 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata ankadzaza maholo ndi masewero amene anthu ankawamvetsera ndi makutu awiri, lina la nkhani ya pabwalo, lina la nkhani yobisika. Kenako kunabwera John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, amene ndi zovala zawo zachimidzi ndi Chichewa cha m'mudzi anatiseketsa za katangale, za matenda, za umbuli wa odzitcha ophunzira. Onse awiri anatisiya, Izeki mu 2016, Jakobo mu 2021. Izeki ankasewera ngati mbuli yosadziwa za m'tauni, ndipo mafunso ake opusawo ndi amene ankavula ochenjera. Chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina.

Chimene chimandidetsa nkhawa lero ndi china. Anthabwala athu ambiri tsopano amaitanidwa ku misonkhano ya andale, amakwera nsanja imodzi ndi akuluakulu, amalandira envulopu. Sindiwaweruza, nawonso ali ndi ana ofuna fizi. Koma wanthabwala wolipidwa ndi bwana wafanana ndi Archie: chovala chake ndi cha mwini wake, ndipo amadziwa pamene lilime liyenera kuima. Kumidzi nako ena ayamba kuona nthabwala za adzukulu ngati zachikunja kapena zosalemekeza maliro, ndipo m'matauni manda amakumbidwa ndi aganyu amene malemu sankawadziwa n'komwe. Munthu amene sakudziwa kuti malemu analanda dimba la yani sangafunse funso lija.

Mphwawo wa malume analamulira mudzi wathu zaka zoposa makumi awiri, ndipo ankadziwika kuti pa milandu ya minda ankayamba wafunsa amayi amasiye. Jekete lija analiwombola kwa adzukulu ndi tambala woyera tsiku lometa, koma sanalivalepo pa mlandu uliwonse. Linkangokhala pa msomali kuseri kwa chitseko, dothi la kumanda likuonekabe m'mphepete mwa thumba lakumanzere. Iwonso atamwalira, ndinakwera minibasi kuchokera ku Blantyre kudzera pa Zalewa, ndipo ndinafika mwambo utayamba kale. Ndili panjira yolowera m'mudzi ndinamva phokoso la kuseka kuchokera kusiwa. Mwana wa mdzukulu uja anali atalipeza jeketelo pa msomali pake, ndipo anali atakhala kale pa mpando wa ndalema, akutsokomola.